Wolemba Asaone, Woonetsa Asawerenge

M'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wafumbi, umene dzina lake sitilitchula poti eni ake ali moyo ndipo ena mwa iwo amawerenga nyuzipepala, munali bungwe la amalonda lomwe linali ndi tsamba lakelake pa intaneti. Midzi yoyandikana nawo inali ndi zigayo, ina inali ndi mijigo iwiriiwiri, koma tsamba la pa intaneti linali m'mudzi uwu mokha, moti anthu ake akapita kumaliro kwina sankalephera kupeza polilowetsera m'nkhani.

Mlembi wa bungweli anali mayi Nangozo, mlimi wa njuchi. Anali munthu wosafulumira kuweruza, wa mtundu uja woti ukamufunsa ngati kugwe mvula, amayamba wakufotokozera ubwino wa mvula kenako ubwino wa dzuwa. Ming'oma yake khumi ndi iwiri inali m'kankhalango ka alamu ake, a Fulaye Mkwapatira, akulu awo a amuna ake, amenenso anali Wapampando wa bungwe. A Fulaye sankadana ndi njuchi ayi. Kungoti akayang'ana mitengo ya m'kankhalangomo ankaona matumba a makala ataimirira, atangomera masamba mwangozi.

"Mlamu," anatero tsiku lina akupukuta nsapato, "mitengo si maluwa oti tizingoyang'ana. Uchi wanuwu ukapanda kupeza wogula weniweni pofika kumapeto kwa Ogasiti, nkhwangwa ilowa. Njuchi zili ndi mapiko, zikasaka kwina."

Nangozo anagwada n'kuthokoza monga mwa mwambo, koma kuyambira tsiku limenelo ankati akamva kugogoda kulikonse, ngakhale kwa munthu wokhoma mpando, mtima unkamudumpha.

Tinene chilungamo, tsamba lakale lija linali ndi matenda ake. Mawu ndi maonekedwe zinali zosokereredwa pamodzi ngati jekete ndi nsalu yake ya m'kati, moti kuti usinthe mtengo wa mazira unkayenera kusolola ulusi wa tsamba lonse. Kuwonjezera apo, uthenga umodzimodziwo Nangozo ankaulemba kanayi: patsamba, m'mafoni a makasitomala, pabolodi la pamsika, ndi pakapepala ka bambo wa chimkuzamawu amene ankazungulira mudzi panjinga. Akatopa n'kuiwala pena, mbuzi imodzi inkakhala ndi mitengo itatu tsiku limodzi, ndipo mwini mbuzi ankathera tsikulo akulumbira kuti si wakuba. Nambala ya foni yomwe inali pansi pa uchi wa Nangozo inali ya foni imene inagwera m'chimbudzi zaka zitatu m'mbuyomo. Komabe tsambalo linali ndi ubwino umodzi umene palibe ankauwerengera: chimene walemba unkachiona ndi maso ako chisanapite kwa anthu.

Ndiye kunabwera a Sositeni kuchokera mumzinda, chikwama cha kompyuta chili kumsana, atanyamula kakhadi kolembedwa kuti Mlangizi Wamkulu wa Zolekanitsa Mawu ndi Maonekedwe m'Chigawo Chino ndi Zigawo Zoyandikana Nacho. Anali munthu wodziwadi ntchito yake, zimenezo tisawamane. Anaimirira pamaso pa bungwe lonse n'kufunsa:

"Chimanga mumasunga kuti?"

"M'nkhokwe!" anayankha anthu.

"Wina akafuna thobwa, wina chikondamoyo, wina phala la mwana, mumamanga nkhokwe zitatu?"

"Ayi!"

"Basitu. Mawu anunso akhale m'nkhokwe imodzi, m'kompyuta. Dzina la katundu, kufotokoza kwake, mtengo, nambala ya foni, chilichonse m'bokosi lake. Mulemba kamodzi kokha. Tsamba la pa intaneti, mafoni, kanema wa pamsika, chimkuzamawu, zonsezo ndi nkhope chabe. Nkhope iliyonse izibwera pakazenera ka nkhokwe, kupempha mawu, n'kukawaveka zovala zake. Mawa lino ngakhale kompyuta ya sitolo ya mumzinda ikhoza kubwera pakazenera komweko kudzatapa. Ife akatswiri timati dongosolo lopanda mutu."

Dzinalo silinadabwitse aliyense, chifukwa mudziwo unali utaonapo madongosolo ambiri otere. Koma Nangozo, amene mapazi ake ankadziwa mtunda wa pakati pa ofesi ndi msika, anaona kuti nzeruyo inali yabwino zedi. Mlendo ndi amene amabweradi ndi kalumo kakuthwa. Ndi iye anakweza mkono woyamba kuvomereza, kungoti anafunsa chinthu chimodzi.

"Nanga wolembayo aziona bwanji mmene mawu ake atulukire kunjako, asanafike kwa anthu?"

"Funso labwino, mayi," anatero a Sositeni. "Pamafunika kankhope kena kakang'ono kongoonerapo olemba. Ndikhoza kukakonza, koma kali ndi mtengo wake."

Akuluakulu a bungwe anagundana mitu kwa mphindi zitatu n'kupeza kuti panali chinthu china chofunika kwambiri kuposa kankhopeko, chomwe ndi nsalu ya tsiku lokhazikitsa dongosolo, yokhala ndi nkhope ya a Wapampando pakati pa nyenyezi. Anagwirizananso kuti nkhope zinayi n'zochepa, chifukwa mudzi wina ukhoza kudzafikapo. Choncho anaonjezera yachisanu, kanema wamng'ono woti apachikidwe pakhonde la a Wapampando, moyang'anizana ndi mpando wawo wa ndalema.

A Sositeni asanakwere basi ananena kuti ntchito yolemba ndi ntchito yokongoletsa zikhoza kugwiridwa ndi anthu osiyana. Koma m'mudzi uja chinthu chikakhala chotheka Lolemba, pofika Lachitatu chimakhala lamulo, ndipo Lachisanu chimakhala ndi chindapusa. A Wapampando analengeza lamulo la mawu anayi: wolemba asaone, woonetsa asawerenge. Wophwanya lamulo, nkhuku yoyera.

Panakhazikitsidwa makomiti awiri. Komiti ya Mawu inapatsidwa kwa Nangozo, amene tsopano anatchedwa Msungichinsinsi Wamkulu wa Nkhokwe. Komiti ya Maonekedwe inapita kwa amuna ake, a Wedisoni, telala wodziwika amene diso lake pa mitundu ya nsalu linali losakanika. Iwo anatchedwa Mkulu wa Nkhope Zonse Zisanu ndi Zina Zimene Zingabwere. Anaitana mmisiri kudzamanga khoma pakati pa ofesi, n'kusiyapo kazenera koti mkono umodzi wokha ulowe, pokumbukira kuti a Sositeni anatchulapo za kazenera. Bambo wa chimkuzamawu anavuta pang'ono, poti ntchito yake inali kuwerenga. Atakambirana, anamulola kuwerenga mokweza, bola asamvetse zimene akuwerengazo, ndipo iye analonjeza kuti zimenezo ndi zimene wakhala akuchita kuyambira kale.

Mkangano waukulu unabuka pa zithunzi. Kodi chithunzi ndi mawu kapena ndi maonekedwe? Anakangana masiku awiri athunthu, akudya mbatata ndi tiyi wa bungwe. Nangozo ananena kuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma chithunzi cha mbuzi chimanena kuti "mbuzi", ndiye chikhale m'nkhokwe limodzi ndi mbuziyo, monga a Sositeni anakonzera. A Wedisoni anafunsa ngati pali munthu amene anamvapo chithunzi chikuyankhula. Anthu anaomba m'manja, ndipo zithunzi zinapita ku Maonekedwe. Kuyambira pamenepo a Wedisoni ankangouzidwa kuti pali katundu nambala 7, nambala 15, nambala 23, iwo n'kumusankhira chithunzi chogwirizana ndi utoto wa tsambalo.

Sabata yoyamba inali ya nthungululu. Mayi wa mazira anasintha mtengo kamodzi, ndipo nthawi yomweyo mafoni analira m'matumba, kanema wa pamsika anaphethira, chimkuzamawu chinabangula, ngakhale a Wapampando pakhonde pawo anadzidzimuka n'kutaya tiyi. Amayi anavina. Nangozo anakhala pansi masana kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi n'kuona kuti mapazi ake ali ndi zala khumi. Nambala yake ya foni inali yolondola paliponse. Anauza aliyense womufunsa kuti dongosololi ndi labwino, ndipo sankanama.

Sabata yachiwiri kunabwera uthenga umene Nangozo ankaudikira. Sitolo ina yaikulu ya mumzinda inkafuna mlimi woti aziipatsa uchi chaka chilichonse. Wogula wake, mayi Chinguwo, anali kufufuza m'midzi kudzera pa intaneti, ndipo Lachisanu lomaliza la Ogasiti adzafika kumene wasankha. Nangozo anakhala pakompyuta n'kulemba mawu okoma kwambiri amene anawalembapo chibadwire. Anayamba motere: "Uchi wabwino wa Nangozo wathandiza mabanja ambiri pa chifuwa ndi pa tiyi." Anawaika m'bokosi, nadina batani, n'kupita kunyumba akuimba.

M'mawa mwake foni inalira. Anali azakhali ake a kutsidya la mtsinje.

"Mwana wanga, pepa. Ndiye osandisungirako n'kabotolo komwe?"

"Kabotolo ka chiyani, azakhali?"

"Ka uchi! Uthenga wabwera pafoni pano. Akuti uchi wabwino wa Nangozo watha."

Zinapezeka kuti nkhope ya mafoni inali ndi malo a zilembo zowerengeka, ndipo a Maonekedwe anawachepetsanso kuti pakwane kamaluwa kumapeto. Mawu akafika pamalire ankadulidwa ngati nzimbe. Pofika masana anthu asanu ndi awiri anali atabwera kudzamuyamikira kuti malonda ayenda, ndipo atatu anali atapita kukagula shuga.

Zinanso anazimva kwa anthu, poti iye sankaloledwa kuyang'ana. Ankadutsa pamsika atafunda chitenje kumutu ngati mkamwini wazemba apongozi. Mayi wa tomato ndi amene anamukodola.

"Anzathu, mwayamba liti za matayala?"

"Matayala ati?"

"Pakanemapo. Pali bambo wa mano oyera wakumbatira tayala la galimoto, pansi pake nambala yanu ya foni. Koma ndiye n'zokongola! Chikasu ndi chakuda, ngati njuchi."

Chimkuzamawu nacho chinkanena za uchi mokhulupirika, liwu ndi liwu, koma a Maonekedwe anali atalamula kuti uthenga uliwonse uziperekezedwa ndi nyimbo, ndipo nyimboyo inali yaphokoso moti agalu okha ndi amene ankadziwa kuti pansi pake pali munthu akuyankhula.

Nangozo anapita pakazenera ndi kalata yodandaula. Mkono wa kuseri unailandira, unaitembenuza, n'kuibweza.

"Pano timangolandira manambala," anatero mawu a kuseri kwa khoma, omwe anali a amuna ake enieni. "Tchulani nambala, tikupatsani utoto wake."

"Bambo, ndine."

"Pantchito pano sindidziwa munthu. Nambala?"

Anayesanso kunyumba, m'mawa a Wedisoni akuika ulusi pamakina osokera. Anawaikira tiyi wa mkaka, anathiramo uchi wambiri, n'kukhala pamkeka pafupi.

"Bambo, tayala lija..."

"Eya, mwamvako mbiri yake? Anthu akuti chiyambire sanaonepo tsamba lotere. Nambala imene ija ndinaisinkhasinkha tsiku lonse."

"Ndiyetu nambala imene ija, bambo, ndi..."

A Wedisoni anaponda makina ndi mapazi onse awiri. Gudugudugudu! Makina anathamanga opanda nsalu, iwo akuimba nyimbo ya kutchalitchi pamwamba pake, maso ali kudenga. Nangozo atatseka pakamwa, nawo anaimitsa.

"Nangozo, mukufuna atilande nkhuku? Yoyera tili nayo imodzi yokha, ndiponso ikukhalira mazira. Dzerani pakazenera."

Anayesa kuimbira a Sositeni, koma foni yawo inkangoti mwini wake ali kumalo kumene kulibe netiweki, mwina m'zigawo zoyandikana zija. Anapita kwa a Wapampando, amene anamvetsera mwachifundo akunola nkhwangwa pamwala.

"Mlamu, walira mvula walira matope. Si inu munakweza mkono woyamba?"

"Ndine, alamu, ndipo sindikubweza mkonowo. Dongosololi ndi labwino. Khoma lija ndi limene..."

"Khoma lija lili pansalu ya bungwe. Mukufuna tichape nsalu?"

Tsono m'nkhokwe muja munali bokosi lina laling'ono kumapeto, lolembedwa kuti "Zoti tikumbukire". A Sositeni analiika kuti olemba azikumbutsana tinthu ta ntchito, ndipo panalibe nkhope ngakhale imodzi mwa zisanu zija imene inkalipempha. A Komiti ya Mawu sanachedwe kuzindikira kuti m'mudzi monse, amenewa ndiwo malo okhawo amene munthu angayankhule popanda womumva. Kumjigo kuli makutu, kuchigayo kuli makutu, koma m'bokosi lija munalibe. Aliyense anayamba kutsitsiramo za kukhosi pansi pa katundu wake.

Nangozo anapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu, atalandira foni yachitatu ya munthu wofuna tayala la thirakitala, anatsegula bokosilo n'kuyamba kulemba. Analemba tsiku limenelo, analembanso mawa lake, ndipo ankati akamaliza ankamva kupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Mawu okoma aja anawasiya. Ankangolemba zoona, poti panalibe wozimva.

Lachisanu lomaliza la Ogasiti linafika. A Wapampando anali atanena kuti ngati galimoto ya mumzinda sifika pofika masana, anyamata a makala alowe m'kankhalango. Komabe, poti mwina n'kufika, anakonzeratu chilandiro. Kanema wa pamsika anapukutidwa ndi mafuta ophikira kuti awale. Kanema wa pakhonde anabwera kumsikako pawilibala. Bambo wa chimkuzamawu anavala tayi. Makomiti onse awiri anavala nsalu ya bungwe n'kukhala mbali ziwiri za msewu, a Mawu atafulatira makanema monga mwa lamulo. Nangozo anakhala kumapeto, khutu limodzi kumsewu, lina kunkhalango.

Dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, fumbi linaoneka. Galimoto yoyera inaima, ndipo munatuluka mayi wamfupi wa magalasi, atanyamula mapepala. Nthungululu zinaphulika. A Wapampando anayamba malonje amene anawakonza kwa sabata yathunthu, nafika pofunsa kuti mwa nkhope zisanu za mudzi, ndi iti imene inakopa mlendo wolemekezeka.

Mayi Chinguwo anayang'ana kanema wa pamsika, pamene bambo wa mano oyera anali chikumbatirire tayala.

"Pepani bambo, nkhope zanuzi ndikuziona koyamba lero. Kusitolo kwathu sitiyang'ana masamba a anthu. Kompyuta yathu imangopita pakazenera ka nkhokwe yanu n'kupempha zonse zimene zilimo. A Sositeni ndi amene anatipatsa kiyi."

"Zonse?" anafunsa mayi wa mazira ndi mawu aang'ono.

"Mabokosi onse, mayi. Kodi ndinu a mazira? Ndinu munalemba kuti theka lake ndi a bakha koma palibe angadziwe?"

Mayi wa mazira anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pamoto. Bambo wogulitsa nyama anamutsatira asanafunsidwe n'komwe, ndipo Komiti ya Mawu inayamba kuchepa ngati madzi a m'dambo mwezi wa Okutobala. 

"Amene ndikufuna ine ndi nambala 23," anatero mayi Chinguwo akuvundukula mapepala. "Ndiwerenge kuti ndisalakwitse munthu. 'Uchiwu ndinafula mu Juni. Njuchi zimadya maluwa a masuku ndi mitengo ina ya m'kankhalango, mulibe munda wa fodya pafupi. Sindiuphika, ndimangosefa ndi nsalu yatsopano. Kukazizira umalimba, ndipo anthu amati ndathira shuga. Sindithira. Ikani botolo m'madzi ofunda muone. Ndili ndi mabotolo 60 okha, akanakhala ambiri koma mng'oma umodzi unagwetsedwa ndi chiuli, chinyama chokonda uchi chija, ndipo uchi wa pansiwo sindinatole.'"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Nangozo anayamba kupuma. Koma mayiyo anatembenuza pepala.

"'Amuna anga ndi munthu wabwino, ndipo pa utoto palibe wowaposa, koma aika tayala pa uchi umene amamwera tiyi m'mawa uliwonse. Ndikafuna kuwauza amaponda makina opanda nsalu n'kumaimba nyimbo ya pa Pasaka mu Ogasiti.'"

Msika wonse unagwa ndi phwete. Mayi wa tomato anachita kugwira mnzake kuti asagwere m'dengu. A Wedisoni anayang'ana kanema, anayang'ana mkazi wawo, anayang'ananso kanema.

"Nangozo! Nambala 23 ndi uchi wathu? Bwanji osandiuza?"

"Ndinadzera pakazenera, bambo."

"Safunsa anadya phula!" anakuwa wina kumbuyo, ndipo chiphwete chinayambiranso.

"Patsala ndime imodzi," anatero mayi Chinguwo. Nangozo anatseka maso, chifukwa ankaidziwa. "'Alamu anga nawo si oipa mtima. Anandibwereka nkhalango zaka zisanu osandilipiritsa kanthu, zimenezo ndisaiwale. Kungoti akaona mtengo amaona makala, akaona khoma amaona popachika chithunzi chawo. Lachisanu akadula mitengo ija njuchi zanga zithawa, ndipo ine ndidzagwada n'kuthokoza, poti ndiwo mwambo.'"

Apa panalibe anaseka mokweza. Anthu ankangotsokomola m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Nkhope ya a Wapampando inasintha mitundu ingapo imene ngakhale a Wedisoni sakanaitchula maina. Kutali, cha kunkhalango, kunamveka kugogoda koyamba kwa nkhwangwa, poti anyamata a makala anali ataona kuti dzuwa lafika pamutu.

Mayi Chinguwo anapinda mapepala. "Ndawerenga za uchi wa midzi khumi ndi umodzi. Konseko uchi wawo ndi wabwino koposa padziko lonse, ndipo sutha. Uwu wokha ndi umene mwini wake wandiuza za chiuli. Mabotolo onse 60 nditenga lero, ndipo ndizibwera mukafula. Koma mitengo ikhalepo, chifukwa pabotolo timalemba dzina la nkhalango imene uchi wachokera. Nkhalangoyi dzina lake ndi chiyani?"

Anthu anayang'anana. Nkhwangwa inagogodanso kachiwiri. A Wapampando anakonza kolala.

"Mwati dzinalo lilembedwa pabotolo lililonse?"

"Lililonse."

"M'sitolo ya mumzinda? Pamene pamadutsa mabwana?"

"Pashelefu ya pakhomo penipeni."

"Imatchedwa Nkhalango ya Mkwapatira," anatero a Wapampando, "kuyambira kalekale. Kodi pabotolopo pangakwane kachithunzi?" Asanayankhidwe anatembenukira kwa bambo wa chimkuzamawu. "Iwe! Thamanga ukawauze akuba mitengo awo kuti ndikawapeza m'nkhalango yanga aona zakuda! Ndipo uzimitse nyimbozo, amve bwinobwino!"

Bamboyo anapalasa njinga tayi ikuuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhazikitsire dongosolo, mudzi unamva chimkuzamawu chikunena mawu omveka. Kugogoda kunaleka. Nangozo anagwada kuthokoza alamu ake, ndipo ulendo uno maondo ndi mtima zinagwada limodzi.

Lolemba bungwe linakumana kuti liunike zimene zinachitika. Nangozo anapempha kuyankhula ndipo, monga mwa khalidwe lake, anaika mbali zonse pamphasa. Anati nkhokwe imodzi ndi nzeru yabwino, chifukwa ndi imene inafikitsa uchi mumzinda popanda munthu kukwera basi. Anati nkhope zambiri nazo si zoipa, bola wolemba aziona zimene zikutuluka ndipo woonetsa azidziwa chimene akuveka. Anapempha tinthu titatu: agumule khoma, aitane a Sositeni adzakonze kankhope ka olemba kaja, ndipo adzatseke bokosi lakumapeto kuti lisamatuluke pakazenera. Anthu anamvetsera mwaulemu, ena anagwedeza mitu, ndipo mlembi wa tsikulo analemba kuti mayi Nangozo anathokoza a Wapampando.

Kenako a Wapampando anaimirira ndi chigamulo chimene anabwera nacho cholembalemba. Anati bungwe lafufuza mozama ndipo lapeza kuti pa sabata zonsezi, nkhope zisanu zija sizinanyoze munthu ngakhale mmodzi. Tayala silinatchule mlamu wa munthu. Kamaluwa ka pafoni sikanaulule za bakha. Manyazi onse amene mudzi unaona pamaso pa mlendo anachokera kumalo amodzi, ndiwo mawu. Choncho Komiti ya Maonekedwe ilandire mendulo chifukwa chokopa wogula wa mumzinda, Komiti ya Mawu ithetsedwe, nkhokwe ikhuthulidwe n'kukhomedwa loko, ndipo nkhope zionjezeredwe kufika zisanu ndi ziwiri.

"Ogwirizana nazo akweze mkono."

Anthu anayang'ana Nangozo, kudikira kuti ayambe kufotokoza ubwino wa mbali iyi ndi ubwino wa mbali inayo. Iye anaganiza za nambala ya mayi Chinguwo imene inali m'foni yake, za ming'oma inayi yatsopano imene ankafuna kupachika mvula isanagwe, ndi za masana onse amene akanathera pakazenera akukambirana ndi mkono wa amuna ake. Mkono wake unakwera woyamba, msanga kuposa wa a Wapampando amene.

Mpaka lero mudzi uja ndi chitsanzo m'chigawo chonse. Nthumwi za midzi ina zimabwera pamalole kudzaphunzira, zimalandira fanta, n'kuzungulira nkhope zonse zisanu ndi ziwiri, zimene a Wedisoni amazisintha utoto mwezi ndi mwezi. Zimawala, zimaphethira, zimaimba, ndipo sizinena kalikonse, moti chikhazikitsire lamuloli palibe amene anadandaulapo kuti zalakwitsa. Alendo amalemba m'makope mwawo kuti aona chitukuko. Ndipo wina mwa iwo akanong'oneza kuti akufuna kugula uchi, eni mudzi amamulozera m'mwamba kuti atsate njuchi, poti izo zokha m'mudzimo ndi zimene sizinasankhebe komiti.